Litter ya a Pasipoti

A Pasipoti anali atazungulira kale khola la nkhumba kasanu, foni ili m'manja, tayi ikuuluka paphewa. Dzinali anawapatsa ndi anthu chifukwa nkhani yawo iliyonse inkayambira pabwalo la ndege. Munthu anayamba ndi wilibala yobwereka, n'kuyendetsa malole m'mayiko asanu ndi anayi, lero ali ndi famu yakeyake. Akanaleka bwanji kunena?

"Mangani zolimba matumbawo," anauza antchito awo awiri. "Akubwerawo ndi manijala wa famu yaikulu. Akakhutira lero, azitenga kwa ife chaka ndi chaka."

Matumba makumi awiri anali atandandalikidwa pakhoma, odzaza ndi utuchi, ndowe youma ndi zonse zimene tsache linapeza m'kholamo.

Akazi awo anatulukira ndi kapu ya tiyi. Iwowa anagwirapo ntchito ya ukalaliki ku ofesi ya ziweto, ndipo sankapupuluma polankhula. Anasuzumira m'khola, n'kupeza nkhumba yaikazi ili yokha, ikufwenthera pachitseko.

"Abambo, ana a nkhumba aja ali kuti?"

"Achimwene anu awatengera kumsika m'mamawa, onse asanu ndi anayi. Amasokoneza posesa."

"Nanga mlendoyo akudzatenga chiyani?"

"Zinyalala, mayi. Anthu ozindikira amapangira manyowa." Anawaonetsa uthenga wa pafoni, akuugogoda ndi chala. "Werengani: I will take the whole litter. Liwu limeneli ndaliona pamabini a mabwalo a ndege onse amene ndapondapo. Litter ndi zinyalala. Kuyenda n'kuona."

Mayiwo anaika kapu pamwamba pa mgolo pang'onopang'ono.

"Gulu la ng'ombe pachingerezi amati chiyani?"

"Herd. Mukundiyesa mayeso pakhomo panga?"

"La nkhosa?"

"Flock. Ndinaona ndi maso anga nkhosa zikwi zitatu zikudutsa msewu, lole yanga itaima ola lathunthu. Mbusa wake anandipatsa moni wapamanja."

"Nanga ana a nkhumba obadwa tsiku limodzi, kwa mayi mmodzi?"

A Pasipoti anatsegula pakamwa. Anayang'ana matumba, anayang'ana nkhumba yaikazi ija, kenako anawerenganso uthengawo milomo ikugwedezeka.

"Anthu amenewa mawu anawathera?" anatero motsitsa mawu. "Liwu limodzi la zinyalala ndi la ana omwe?"

"Safunsa anadya phula, abambo. Dzulo tinali tonse patebulo."

Wantchito mmodzi anawerama n'kuyamba kumanganso thumba lomanga kale, mapewa akunjenjemera ndi kuseka.

A Pasipoti anaimba foni akuyenda. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, atafika kale pachitsime n'kubwerera. Kachitatu mlamu wawo anayankha, phokoso la msika lili m'mbuyo mwake.

"Alamu, musagulitse ngakhale mmodzi. Bwererani nawo."

"Mwachedwa, alamu. Anthu anawalimbirana ndisanatsitse n'komwe. Atsala awiri."

"Atsatireni enawo."

"Ndiwatsate kuti? Wina ndamuona akupita atamangidwa panjinga, akulira ngati wapolisi wa pamsewu."

A Pasipoti anadula foni. Anapita kugeti, anabwerera, anakankha thumba limodzi ndi phazi, anapukuta nsapatoyo paudzu.

"Tibise matumbawa. Ndiwauza kuti anawo adwala usiku."

"Mukangotchula matenda pakhola lino, palibenso adzagule nkhumba yanu, ngakhale yophika."

"Ndinena kuti aba."

"Aba, kenako akawapeze achimwene ali nawo awiri pamsika? Mukufuna kundimangitsira m'bale wanga?"

"Ndiye nditani, mayi?"

"Madzi akatayika saoleka. Koma nkhumba yathu ina, yakuda ija, ibereka mwezi wamawa. Auzeni zoona, muwalonjeze ana akewo. Kuseka aseka ndithu. Mwina akatha kuseka adikira."

"Ine, munthu amene ndinatsutsana ndi akuluakulu a pamalire m'zilankhulo zitatu, ndikaime pageti langa n'kunena kuti sindinamve liwu limodzi?"

Mayiwo anatenga kapu ija n'kumwa okha tiyiyo.

Hutala inalira kugeti. Inali galimoto yoyera, kumbuyo kwake kuli khola lawaya loyalidwa udzu watsopano, ndi kabeseni ka madzi komangirira pakona. Manijala uja, mayi wa magalasi, anatsitsa windo, akumwetulira, n'kukweza dzanja.

A Pasipoti anakonza tayi, anayenda masitepe atatu, anaima. Anatembenuka n'kupereka foni kwa akazi awo.

"Tiyeni tonse," anatero. "Zoonazo ndinena ndine. Koma akayankha, muzindiuza chimene akutanthauza."