Kabuku Kamene Atsibweni Anandilanda

Kabuku ka mapemphero a Chibaha'i anandipatsa ndi mnzanga wodula naye nzimbe ku Nchalo. Ndinali nditatopa ndi maulaliki okalipa, ndiye ndikaweruka ndinkakhala pansi pa mtengo wa nimu n'kumawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Mtima unkakhala m'malo.

Atsibweni anga a Lorenso, mkulu wa mpingo kwathu ku Ndamera, atabwera kudzandiona anapeza kabukuko pamphasa.

"Ukufuna anthu atiyese a Mboni za Yehova, atiotchere nyumba?" anatero. "Bwera nako kuno, ndikakataye ndekha."

Ndinawapatsa ndi manja awiri, poti ndi akulu.

Nditapita kumudzi ndinawapeza pakhonde akung'amba tsamba m'kabuku kaja. Anathirapo fodya wa chingambwe, n'kupichira, kenaka ananyambita m'mphepete mwake. Malovu awo ananyowetsa pemphero lomwe ndinali nditangoyamba kuloweza. Kabuku kanali katatsala theka.

"Munawerengako n'komwe, atsibweni?" ndinafunsa.

"Ine ndiwerenge zachikunja?" Anayatsa, utsi wonse n'kubwera kumaso kwanga. "Koma pepala lake n'lofewa bwino. Mnzako uja alibe kena?"