Maliro Oyeserera

Chaka chimene alendo adabwera kudzayesa ngati chipatala chaching'ono cha kwawo, kuseri kwa Nsaru, chingalimbane ndi mliri, mliriwo kudalibe. Adangopempha anthu kuti ayerekeze kudwala. A Lyson, amuna ake a Zelifa, munthu wanthabwala, adadzipereka kukhala maliro.

Zelifa adawaletsa, nati imfa sasewera nayo, koma iwo adangoseka. Adawatsekera m'thumba lakuda lapulasitiki. Tsikulo ambulansi idafika msanga, mabotolo a mpweya ali ndandanda kukhoma, anamwino atadziphimba mpaka kumaso. Wezulo yothetsa sewerolo italira, a Lyson adatuluka m'thumbamo thukuta lili kamukamu, n'kudandaula kuti kumanda kulibe thobwa. Alendo adaomba m'manja, nalengeza kuti chipatalacho chakhoza, n'chokonzeka.

Kenaka kudabwera Korona, chimanga chili m'mawondo. A Lyson adabanika mpaka kumwalira pabenchi la chipatala chomwecho. Mabotolo aja adali atabwerera kutauni komwe adabwerekedwa, ambulansi idalibe mafuta. Thumba lokha ndilo lidalipo. Kumanda achibale adawaimika patali, Zelifa osaona nkhope ya amuna ake. Adangoima chilili, khutu lili tcheru, kudikira wezulo.

Chichokereni apo, wezulo ikalira kubwalo la mpira la kusukulu, khasu limamugwa m'manja, maso n'kuthamangira kumsitu wa manda.

Tsono chaka chino alendo adabweranso. Hopeson, mwana wake mmodzi yekhayo, amene adatengera msinkhu ndi kaseko ka bambo ake, adafika nayo nkhani akumwetulira: amusankha kukhala maliro.

"Ndi sewero chabe, amayi. Mwayamba kuopa malodza kodi?"

M'mawa mwake Zelifa adalawirira kuchipatala atavala za Chigwirizano, zomwe amavala popita kumaliro. Adapeza mabotolo ali ndandanda kukhoma, thumba litayalidwa pansi. Hopeson asanafike, adavula nsapato nagonamo.

Namwino adagwada n'kumupempha kuti adzuke, poti wosankhidwa si iye.

"Pakhomo panga mudatengapo kale mwamuna. Tsekani, mwanangu."

Zipi idakwera mpaka kumutu. Mumdimamo munkanunkha mankhwala ndi thukuta lakale. Kunja adamva Hopeson akumuitana, mapazi akuthamanga, kenaka alendo akuomba m'manja.

Wezulo idalira. Zelifa adagonabe duu, atagwira mpweya, kuti ngati alipo wina kumanda kuja amene wakhala akuidikira zaka zonsezi, ayambe ndiye kudzuka.