Nthutumba M'mbale ya Mkamwini

A Eluby a ku Magomero anali ndi mkamwini wabwino, koma wovuta kumudyetsa. A Lloyd, amuna a mwana wawo Madalo, anali a Sabata a ku Mikolongwe, ndipo kwawoko nyama sankadya. Osati ya nkhumba yokha ayi. Nkhuku, mbuzi, ngakhale usipa, zonse ankangoziona ngati za eni ake. Khasu ankalidziwa, mowa osalawa, mawu ochepa. Koma mudzi umene anakwatiramowo unali wa Akatolika, ndipo Akatolika a kumeneko akasangalala, zolira ndi nkhuku.

Pa chikondwerero chilichonse cha mphakati, a Lloyd ankabwera mwaulemu, n'kukhala pamodzi ndi amuna anzawo, n'kudya mpunga wopanda ndiwo. Masamba analipo, koma a Nabanda, oyang'anira miphika, anali ndi dzanja lachifundo lopitirira muyeso. Mpiru, nyemba, kabichi, zonse ankazithira msuzi wa nkhuku kuti zikome. Ukawaletsa ankakuyang'ana ngati wawatukwana.

Tsiku lina Madalo anaulula akusenda chinangwa ndi amayi ake.

"Amayi, bambo a kunyumba akuti tisamukire kwawo. Akuti kuno anthu akamadya iwo amangowerenga nthambi za mango."

A Eluby mtima unawawa. Madalo anali mwana wamkazi yekhayo, ndipo kwa Alomwe mwana wamkazi ndiye mudzi. Akapita ku Mikolongwe, pakhomo patsala nkhalamba ndi mbuzi. Kukawapepesa a Lloyd sakanatha, pakuti mpongozi ndi mkamwini amapatukirana njira, nkhani zimadzera mwa mwana.

Ubatizo wa makanda unafika nandolo ali ponseponse m'minda. A Eluby anathyola wamuwisi, n'kumuphika ndi tomato ndi anyezi mumphika wawowawo, pambali n'kutendera mpiru. Chipande chawo anachimangirira m'chitenje. Anakhala pafupi ndi miphikayo ngati nkhuku yofungatira. A Nabanda atafika ndi msuzi wawo, a Eluby sanadzuke n'komwe.

"Pitirirani nacho chifundo chanucho, amnzanga. Muno mwakoma kale."

Madalo anatenga mbale n'kukapereka kwa amuna ake. A Eluby anaona patali a Lloyd akuyang'ana m'mbalemo, n'kufunsa kenakake, Madalo n'kugwedeza mutu. Anasamba m'manja munthu uja, nkhope itamasuka.

Pamenepo ndi pamene anaimirira a Kalinde, apampando a mphakati, munthu wabwino mtima koma wokonda kuti ubwino wake uoneke.

"Akamwini athuwa anatithandiza kufolera tchalitchi, pomwe si mpingo wawo. Lero nthutumba ndi yawo."

Nthutumba ya nkhuku sapatsa munthu wamba, ndi ya mlendo wolemekezeka. A Kalinde anaiika pamwamba pa nandolo uja, n'kuthirapo ndi msuzi womwe. Anthu anaomba m'manja. A Lloyd anayang'ana m'mbalemo. Kukana kunali kuwachititsa manyazi apampando pamaso pa mudzi wonse, kudya kunali kuphwanya chimene anakula nacho. Anaika mbale pansi pang'onopang'ono, maso ali kunjira yakunyumba. Madalo anazolika, misozi ili pafupi.

A Eluby sanafunse munthu. Anapakula mbale ina ya nandolo, n'kudutsa bwalo lonse mpaka kumene kunakhala amuna, azimayi akugwirana pamapewa. Anagwada pamaso pa mkamwini wawo, chinthu chimene anali asanachitepo.

"A Kalinde, mwachita bwino, ulemu wapita kwa mwini wake. Koma ine chibadwire ndapha nkhuku, ndasosola, ndaphika, nthutumba n'kumangoilondolera kwa amuna. Malemu bambo a Madalo anapita osandilawitsa. Tsono poti lero ili m'manja mwa mwana wanga, ndipemphe konko. A Lloyd, simungawaganizireko amayi anu?"

A Lloyd anawayang'ana apongozi awo kumaso koyamba. Ananyamula mbale ija ndi manja awiri.

"Landirani, amayi."

A Eluby analandira, n'kuwapatsa mbale inayo. Nthutumba anaidyera pomwepo, osafulumira, amuna onse akuwaona.

"Ndiye chimene mumatibisira zaka zonsezi n'chimenechi? Kulimba ngati mphira wa njinga."

Bwalo linagwa ndi phwete. A Kalinde anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti mkamwini wokumbukira apongozi ndiye woleredwa bwino. A Nabanda anang'ung'udza kuti dziko latha, koma nawonso anakapakulako nandolo uja. A Lloyd anadya mbale yonse, Madalo n'kukawawonjezera.

M'mawa mwake a Eluby akusesa pakhomo anamva odi. Anali a Lloyd, khasu paphewa, chipewa m'manja, ataima chapatali monga mwa mwambo. A Eluby anaganiza kuti abwera kudzatsazika.

"Amayi," anatero a Lloyd, "nyumba yathu ija yachepa. Ndikufuna kuumba njerwa mvula isanagwe. Mundisonyeze pomanga."

A Eluby anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kumanga chitenje bwinobwino.

"Tiyeni, bambo. Pafupi ndi ine pomwe pano."