Mipira Yonse kwa Howard

Fiskani Mhone sanaiwale tsiku limene akuluakulu a timu ina ya ku Lilongwe anabwera ku Chintheche kudzasankha osewera. Iye ankasewera pakati, ndipo Howard, kaputeni wawo, anali atanong'oneza anzawo kuti asamupatsire mpira. Masewero onse anatha Fiskani akungothamanga ngati wasochera. Alendowo anatenga Howard, koma Howardyo anabwerako patangotha miyezi itatu, n'kuyamba kugulitsa mowa pa loji ina ku Kande.

Fiskani anavutika zaka zinayi m'matimu ang'onoang'ono asanalowe mu ligi yaikulu. Atabwera kutchuthi cha Khirisimasi, anyamata anakonza masewero a paubale. Aliyense ankayembekezera kuti Fiskani alowa timu yolimbana ndi Howard kuti amuthyole mwendo. Koma iye anangoti, "Ndikhala mbali ya Howard. Mumuike kutsogolo."

Mpira uliwonse umene Fiskani ankaupeza unkapita kwa Howard, wowongoka bwino, wofikira paphazi penipeni. Howard, ndi chimimba chake chija, ankangopunthwa nawo. Wachinayi anagwa nawo chagada. Wachisanu anatsala ndi goloboyi yekha, n'kuumenyera m'munda wa chinangwa. Anthu anafa nalo phwete, mpaka amayi ogulitsa usipa kuseri kwa golo.

Pa nthawi yopumula Howard anamuyandikira ali wefuwefu. "Patsiraniko ena, achimwene."

Fiskani anamusisita paphewa mwaulemu. "Ayi, akaputeni. Tsiku lija anthu sanandione ine. Lero akuoneni inuyo, ndipo kwatsala chigawo chachiwiri."