Dontho Papepala

Kandegeko kanatera pabwalo la mpira la ku Thambani Lachinayi masana, mphepo ya mwera ili mkati. Kananjanja kawiri, kanabalalitsa mbuzi za eni, kenako kanakaima pafupi ndi golo. Msika wonse unakhamukira kubwaloko. Ogulitsa manachesi anasiya milu yawo, ndipo wometa anapita limodzi ndi munthu wake wometedwa mbali imodzi.

Belmira sanapite nawo. Anatsala pathebulo pansi pa mtengo wa mango, pomwe iye ndi mwamuna wake Mateyu ankagulitsira a kabaza petulo wa m'mabotolo. Posakhalitsa Mateyu anabwera akuthamanga, patapata m'manja.

"Mayi a Iness, chigubu chachikasu chija chili pati?"

"Paseri pa mtengopo. Kwagwanji?"

"Woyendetsa ndege uja ndi mzimayi, inu! Akuti mphepo yamudyera mafuta, sakafika ku Chileka. Akufuna malita makumi awiri, petulo wamba yemweyu."

"Wa m'chachikasu?"

"Ndi chomwe chili pafupi."

"Chabuluu chija chili kunyumba, simunachitsekule."

"Ndikwere chitunda chonsecho? Pobwera ndipeza Faustino atamugulitsa kale wake."

Anasenza chigubucho n'kumapita. Belmira anangomuyang'ana. Zomwe zinali m'menemo ankazidziwa. Chiyambireni kusowa kwa mafuta kuboma, Mateyu ankakatenga petulo kutsidya kwa malire, ndipo akafika naye kunyumba ankathiramo palafini kuti achuluke. Belmira sanathirepo ndi dzanja lake, koma ankatsuka mabotolo, ankagulitsa, ndipo ankakhala chete. Anafunditsa thebulo ndi thumba, napempha Enelesi wa mandasi kuti amuonere, n'kulondola mwamuna wake.

Kandegeko kanali kakang'ono, ka mipando iwiri, mapiko ake ansalu yolimba. Mayi woyendetsayo, amene anati dzina lake ndi Tiffany, ankagwira ntchito kubungwe lina lojambula nkhalango kuchokera m'mwamba pofuna kuona pomwe mitengo ikuthera. Anali atavundukula injini kuti aone ngati palibe pomwe pakudontha, ndipo a kabaza anali atamuunjirira. Patsogolo penipeni panali Sankhani, amene ankagula petulo kwa Belmira m'mawa uliwonse.

"Achemwali, kainjini kameneka ndi komwe kamakunyamulani?" anafunsa Sankhani.

"Komweka. Ndi folo sitiroko ngati njinga zanuzo. Imakoka mpweya ndi mafuta, imafinya, moto umaphulika, kenako imalavula utsi. Zinayi basi, n'kuyambiranso. Kungoti yanu ili ndi silinda imodzi, iyi anayi, ndipo iliyonse ili ndi mapulagi awiri, kuti ina ikafa inzake igwirize."

"Ndiye ndi njinga yanga yomwe ija, yangomera mapiko!"

"Yako iti?" anatero mnzake wina. "Ija imatsokomola pachitunda cha kwa Kanduku ngati yameza fodya? Imeneyo ngakhale utaisokera mapiko a nkhwazi, aise, ingakagwere m'chimbudzi cha sukulu."

Anthu anaseka. Sankhani sanatsutse. Miyezi itatu tsopano njinga yake inkalira ngati muli timiyala, ndipo amakaniko awiri anali atailephera.

Mateyu anatula chigubu pansi pa phiko. Tiffany anatsekula, nanunkhiza.

"Bambo, simunasakanizemo oyilo? Ena amandipatsa wa makina ochekera matabwa. Injini iyi oyilo ali ndi thanki yakeyake."

"Oyilo mulibe ngakhale dontho, madamu."

Zinali zoona, oyilo munalibe. Mayiyo anatulutsa fanelo yake ya sefa n'kuiika pakamwa pa thanki. Anati sefayo imagwira madzi ndi zinyalala. Belmira, ataima kumbuyo kwa anthu, ankadziwa kuti palafini angodutsapo bwinobwino. Malemu bambo ake, a Anselmo, anali makaniko ku Tete nkhondo isanawathamangitsire kuno, ndipo anamuonetsapo pistoni yobooka pakati ngati yadyedwa ndi chiswe. Anati palafini amatero injini ikalemedwa n'kutentha.

"Nanga ikazima muli m'mwambamo mumatani?" Sankhani anafunsanso.

"Ndimafunafuna bwalo ngati lino."

"Likapanda kupezeka?"

Tiffany anaseka pang'ono, naloza kum'mawa ndi chibwano. "Kuchoka pano kukafika ku Shire ndi mapiri okhaokha. Tisakambe zimenezo, achimwene."

Belmira anayang'ana komwe analozako. Njinga ikatsokomola munthu amatsika n'kumakankha, akutukwana. Anayang'ananso a kabaza aja. Onse anali makasitomala ake, ena ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Mateyu anali atakweza kale chigubu paphewa, kukamwa kwake kutaloza mufanelo.

"Bambo a Iness, tadikirani."

Belmira sanakweze mawu, koma anthu anamupatukira. Mateyu anamuyang'ana ndi diso lomwe Belmira ankalidziwa bwino.

"Mayi, bwererani kuthebulo. Mwasiyira ndani katundu?"

Belmira anawerama pang'ono pamaso pa Tiffany. "Pepani achemwali, ndibwerekeniko pepala loyera. Ndiponso timafuta tanu totsala m'thankimo, tingapo chabe."

Tiffany anamuyang'ana kanthawi. Kenako anang'amba tsamba m'kabuku kake, nakhetsera timafuta m'kabotolo kuchokera pansi pa thanki. Belmira anayala pepalalo paphiko, nalipsinja ndi chala kuti lisauluke. Kumanzere anadonthezapo mafuta a m'ndege. Kumanja anadonthezapo a m'chigubu chachikasu, ataviika kamtengo.

"Tsopano tidikire," anatero.

Anadikira. Mphepo inkakupiza m'mphepete mwa pepalalo. Dontho lakumanzere linayamba kuchepa, linachepa, mpaka pepala linayera ngati sipanagwe kanthu. Lakumanja linauma m'mbali mokha. Pakati panatsala banga lamafuta, longa la chitumbuwa chokulungidwa m'nyuzi. Belmira anakweza pepalalo kudzuwa kuti mayiyo aone.

"Petulo weniweni amathawa yense. Chotsalachi ndi palafini."

Tiffany anachotsa fanelo pathanki mosafulumira.

"Ndi anthu akutsidya aja amenewo," anatero Mateyu, akutsitsa chigubu. "Akuba enieni! Ine ndimangogula chotsekatseka."

"Nanga mayiwa adziwa bwanji zoti ayeze chigubu chimenechi?" anafunsa Sankhani.

Panalibe woseka. Belmira anapinda pepala lija kawiri.

"Tinathira ndife," anatero. "Kuyambira mwezi wa Epulo."

Phokoso linabuka. Wina anatchula mapulagi omwe anasintha katatu, wina anati apite nawo kupolisi. Mateyu anasiya chigubu pomwepo n'kudutsa pakati pa anthu, osatembenuka. Sankhani anangoyang'ana njinga yake yomwe inali itatsamira pagolo.

"Kunyumba kuli chigubu china chosatsekula," Belmira anauza Tiffany. "Muchiyeza nokha. Koma ndi kumtunda, wapansi ndichedwa."

Patapita kanthawi Sankhani analiza njinga yake, naiimika patsogolo pa Belmira, maso ali kwina.

"Kwerani. Sindikuchitira inu."

Pachitunda njingayo inatsokomola, timiyala tija tikulira, ndipo onse awiri anamva. Anabwera nacho chigubucho kubwalo.

Dontho la m'chigubu chabuluu linathawa lonse. Tiffany anayeza kawiri, nathira yekha. Asanakwere anagwira dzanja la Belmira ndi manja awiri. Injini inalira mosalala, ana anathamangira fumbi, ndipo kandegeko kanakwera n'kukhotera kum'mawa mpaka kanasanduka kadontho pamwamba pa mapiri.

Mawa lake a kabaza onse anakaima pamzere kwa Faustino. Mateyu analawirira kudimba osamwa tiyi, ndipo kwa masiku angapo ankayankhula ndi mkazi wake kudzera mwa ana. Wa m'chigubu chachikasu Belmira anapatsa wowotcherera zitsulo kuti azitsukira zida. Anatsuka mabotolo onse ndi sopo, nawadzaza ndi petulo yemwe anakatenga yekha kutsidya. Pakona pa thebulo anaikapo kope lakale la Iness, lomwe linali ndi masamba osalemba kumapeto, nalipsinja ndi mwala.

Loweruka sanagulitse. Lolemba anagulitsa botolo limodzi kwa mlendo wa ku Neno. Lachitatu chakum'mawa Sankhani anaima patsogolo pa thebulo, injini osazimitsa. Sanapereke moni. Anang'amba tsamba m'kope muja, natsekula botolo lomwe anasankha yekha, nadonthezapo. Anadikira, akuyang'ana kumsewu. Kenako anakweza pepalalo kudzuwa, nalitembenuza uku ndi uku.

"Lita imodzi," anatero.

Belmira anatenga fanelo.