Kabulangeti ndi Nkhuku za Adadi

Kkkk abale, ndikuuzeni za mng'ono wanga. Ali ndi zaka 7, kunyumba timamutcha Kabulangeti. Dzinali ndinamupatsa ndine, chifukwa mwanayu kuzizira sikunkamuthera. Dzuwa likuswa mtengo, ife tikudzikupiza ndi makatoni, iye ali mu juzi, pamwamba kabulangeti. Ndiye kugona! Patebulo supuni ili mkamwa, pa masitepe, mu basiketi ya zovala. Ndili ndi zithunzi zake zodzaza foni.

Amayi ankamunyadira. "Uyu ndiye mwana. Wofatsa. Osati iwe wailesi."

Ndiye tsiku lina akuchapa anapeza magazi pa zovala zake. Anamuyang'ana paliponse, bala palibe. Anamufunsa bwinobwino ngati wina anamupweteka, iye ayi, kenako anafunsa ngati angapite kukagona. Amayi anaimbira aanti, akulu awo, amene amadziwa chilichonse asanachione.

Aanti atafika anangoti, "Wayamba kusamba uyu."

"Zaka 7, achemwali?"

Ine ndinadikira mpaka chaka chatha. Iye wangodumpha mzere ali mtulo kkkk. Koma amayi sankaseka, ndiye nanenso ndinameza.

"Ndi nkhuku izi," anatero aanti, akuloza pawindo ndi mlomo. "Nkhuku zamasiku ano zimakula ngati zikuthamangitsidwa. Mwana akudya mazira tsiku ndi tsiku, mumati zitha bwanji?"

Nkhukuzo ndi za adadi. Ntchito yawo itatha anamanga khola kuseri kwa nyumba, ndipo ndi zimene zimatidyetsa. Amaziimbira likhweru, zina anazipatsa maina. Komanso m'mawa uliwonse ankaphika dzira okha, kulisenda okha, kumupatsa Kabulangeti kuti akule, poti ndi wamfupi kuposa anzake onse.

"Alamu, ine sindizipatsa mankhwala. Ndi chakudya basi," anatero adadi.

"Nanga mu chakudyamo munalowamo?"

Amayi anadula nkhani. "Tipita kuchipatala. Adokotala akati ndi nkhuku, zonse zichoke."

Ndimaganiza kuti adadi akangana. Anangoyang'ana Kabulangeti, amene anali atagona chokhala, n'kuti, "Zikakhala zimenezo ndizichotsa ndekha."

Kuyambira pamenepo likhweru linatha. Dzira linatha. Akachoka kukhola ankasamba m'manja mpaka m'zigongono asanamugwire mwana.

Kuchipatala tinapita tonse, ine ntchito yanga kunyamula chikwama. Adadi ananyamula thumba lopanda kanthu la chakudya cha nkhuku, kuti adokotala akawerenge zolembedwapo. Thumba likununkha khola. Pabenchi anthu anatisiyira malo ambiri.

Adokotala anali mayi wamagalasi, wosaseka. Anamuyeza mwana, anacheza naye payekha pang'ono, kenako anayamba kufunsa amayi.

"Amatopa msanga?"

"Ayi adokotala, ndi wofatsa chabe."

"Amamva kuzizira?"

"Amangokonda juzi."

"Kuchimbudzi amapita bwinobwino?"

"Amachedwako, koma ndi mwana wodekha, sachita zinthu mothamanga."

Apa ndinaphulika. Ndinayesa kubisa nkhope mu chikwama koma zinakanika. Amayi anandiyang'ana ndi diso lija loti tikaonana kunyumba.

"Iwe, chikukusekesa n'chiyani?" anafunsa adokotala.

Ndinangowapatsa foni. Kabulangeti mu basiketi. Kabulangeti pa tsiku lake lobadwa, mutu uli pambali pa keke. Kabulangeti pa mpikisano wothamanga kusukulu, atakhala pakati pa bwalo ndi juzi ziwiri. Adokotala anapitiriza kutsitsa, nkhope osasintha.

"Yunifomu iyi ndi imene wavala leroyi?"

"Ndi yomweyo, kuyambira kalasi yoyamba," amayi anayankha monyadira. "Amasamala zovala."

"Mayi, mwana akatha msinkhu msanga nthawi zambiri amatalikanso msanga. Uyu waima. Tiyeze magazi."

Adadi anakweza thumba lija m'mwamba.

"Bambo, thumbalo lidikire kaye."

Linadikiradi. Tsiku lokatenga zotsatira thumbalo linabweranso, litapindidwa bwino mkhwapa mwa adadi.

Adokotala anagwira pakhosi pawo. Anati apa pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro, kamene kamathandiza thupi kukula, kutentha, kukhala ndi mphamvu. Ka Kabulangeti kakugwira ntchito mwaulesi. Ndiye ubongo ukumakuwa kuti kadzuke, kukuwa kwambiri, mpaka kukuwako kwadzutsa ziwalo zina zimene nthawi yake inali isanakwane.

"Ngati amayi akamandidzutsa ine," ndinatero. "Amadzuka ndi aneba, ine ndili mtulo."

"Chimodzimodzi," anatero adokotala, osaseka ngakhale pang'ono.

Anati Kabulangeti apatsidwa kapilitsi kakang'ono ka m'mawa uliwonse asanadye, ndipo tizibwera kudzayezetsa magazi. Kusambako kuyenera kusiya, kudzabwera pa nthawi yake.

Amayi anafunsa motsitsa, "Ndiye kufatsa kuja..."

"Tidzaona kuti ndi wofatsa bwanji."

Adadi anatsokomola. "Adokotala, pepani. Nanga nkhuku?"

"Nkhuku zatani?"

"Zilibe mlandu?"

"Zilibe."

"Mazira? Ndinkamupatsa ndine. Tsiku lililonse."

Adokotala anavula magalasi. "Bambo, simunamudwalitse mwana wanu. Muzimupatsa dziralo. Kapilitsi kayambe, papite kanthawi, dzira pambuyo."

Adadi anati zikomo katatu, n'kutuluka. Tinawapeza pakhonde akumina mokweza ngati hutala ya lole. Akuti ndi fungo la mankhwala. Thumba analiiwala mu ofesi, anesi anachita kutithamangira nalo atalitsina ndi zala ziwiri kkkk.

Pano papita miyezi ingapo. Kusamba kunasiya. Yunifomu yafupika, amayi akudandaula. Bulangeti lija amagonapo ndi mphaka. Ndipo abale, mwanayu ali ndi pakamwa! Nthawi yonseyi ankangosunga. Anauza aphunzitsi ake kuti amayi amajona. Ine akunditcha Mlongoti. Anafunsa aanti chifukwa chake amabwera nthawi ya chakudya yokha.

Aantiwo akuti iwo anadziwa kale kuti ndi pakhosi. Ananena zimenezi akudya mwendo wa nkhuku.

Lero m'mawa Kabulangeti wamwa kapilitsi kake, ndiye podikira dzira wakatsegula khola kuti akasankhe yekha. Nkhuku zonse panja. Zina pa chingwe cha zovala, imodzi mukhitchini pamwamba pa firiji. Iye akuthamanga pakati pawo opanda juzi, akukuwa ngati wapolisi wa pamsewu.

Amayi aima pakhomo manja m'chiuno. "Bambo ake, kapilitsi aka adokotala sangachepetseko pang'ono?"

Adadi sanamve. Ali pakati pa bwalo, nkhuku imodzi mkhwapa, akuimba likhweru, dzira lili m'thumba la malaya. Akudikira kuti mwanayo aime kaye kuti amupatse.

Mpaka pano sanaime kkkk