Mlatho wa Ana a Fomu 3

Mayi Zipora Kachingwe ankaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera ku Chinsapo, sukulu yopanda labotale. M'chaka cha 2006 anawatumiza kumaphunziro, komwe anakamva kuti sayansi, masamu ndi zomangamanga zisamaphunzitsidwe chilichonse pachokha. Ana azipanga chinthu chenicheni ndi manja awo.

Atabwerako anafotokozera Bambo Maxon Chidzanja, mphunzitsi wa masamu.

"Chopanga chilipo," anatero Bambo Maxon. "Ngalande ya kuseri kwa sukuluyi. Mvula ikagwa ana amalephera kuwoloka. Timange kamlatho."

Ana a Fomu 3 anaikonda ntchitoyo. Anayeza ngalande ndi chingwe, Bambo Maxon akuwathandiza kuwerengera utali wa matabwa. Mayi Zipora ankawaonetsa kuti thabwa logoneka limapindika msanga munthu akapondapo, pomwe loimika cham'mbali limalimba. Makolo anasonkha matabwa a paini, n'kuwaunjika mu ofesi ya ahedi.

Koma Bambo Maxon anali atayamba kale kudwala. Chifuwa chinawagwetsa mu Okutobala, ndipo kuchipatala sanabwereko. Abale awo anali kutali ku Ntcheu, mkazi wawo analibe pogwira.

Ahedi anaitanitsa Mayi Zipora.

"Amayi, mundikhululukire. Bokosi likufunika mawa. Ndimaganiza za matabwa aja."

Mayi Zipora anafuna kunena kuti matabwawo ndi a ana. Koma akanati mnzawo apite kumanda pamphasa? Anavomera ndi mutu, n'kutuluka.

Maliro atatha, mphunzitsi wina wa masamu sanabwere. Ahedi anawasenzetsa Mayi Zipora makalasi onse a malemuwo, n'kuwakumbutsa kuti pa mayeso a boma safunsa za milatho.

Tsiku lina Tiyese, mtsikana amene anajambula pulani ya mlathowo, anawatsatira pakhonde.

"Madamu, tiyambiranso liti?"

"Sindikudziwa, mwanangu."

"Tikhoza kupemphanso matabwa."

"Makolo anapereka kale zomwe anali nazo."

Tiyese anaima pang'ono, kenaka anabwerera m'kalasi. Mayi Zipora anamulondola, chifukwa inali nthawi ya masamu. Atatsegula buku anapeza mutu umene iwo eni unkawavuta ali pasukulu. Analemba funso loyamba pabolodi, n'kulipenyetsetsa kwa kanthawi, choko chili m'manja. Kumbuyo kwawo ana ankadikira.